Magazi nawo ali ndi mbewu yake

Nthawi iliyonse imene uthenga wafika m'midzi ya ku Kabwazi wakuti a bungwe lotolera magazi la Malawi Blood Transfusion Service akubwera pa sukulu kapena pa tchalitchi, pamakhala funso limodzi limene silisowa. Ena amalifunsa poyera pa msonkhano wa komiti ya chitukuko, ena amangonong'onezana pobwerera kunyumba: kodi magazi amene atuluka m'thupi amabwereranso, kapena munthu amatsala woperewera moyo wake wonse? Masiku ano pawonjezeka funso lachiwiri. Labwera ndi anthu amene amayenda ndi timapaketi ta ufa m'zikwama, n'kumalengeza m'misika ndi pa WhatsApp kuti akugulitsa "stem cell" yochiza shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa ngakhalenso Edzi. Mafunso awiriwa amaoneka ngati sakugwirizana, koma onse yankho lake lili m'kati mwa mafupa athu, ndipo n'kofunika kuti anthu a m'dera lino alidziwe asanakane kupereka magazi, kapena asanagulitse mbuzi kuti agule paketi.

Aliyense amene anaswapo fupa la ng'ombe pa nthawi ya chakudya amawadziwa mafuta ofewa amene amakhala m'katimo. Mwa munthu, mafuta a m'mafupa amene ali ofiira ndiwo munda umene magazi amamera. Mwa khanda, pafupifupi mafupa onse amagwira ntchitoyi, koma munthu akamakula imatsalira makamaka m'mafupa a m'chiuno, a msana, m'nthiti, m'fupa la pachifuwa ndi m'chigaza. Munda umenewu supuma, chifukwa magazi ndi chinthu chosakhalitsa. Maselo ofiira, amene amanyamula mpweya wa okosijeni kuchokera m'mapapo, amakhala masiku pafupifupi 120 kenako n'kutha. Timaselo tothandiza magazi kuundana pa bala sitipitirira masiku 10. Ena mwa maselo oyera, asilikali a thupi, amangokhala m'magazi maola owerengeka. Kuti chiwerengero chisatsike, thupi la munthu wamkulu limapanga maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse, usiku ndi usana, kaya munthu ali kumunda kapena ali m'tulo. Magazi amene muli nawo lero si amene munali nawo pa nthawi yobzala chimanga chaka chatha.

Maselo onsewa amachokera ku gulu laling'ono kwambiri la maselo oyambira, amene pa Chingerezi amawatcha kuti stem cells. Mlimi wa nyemba wa kuno savutika kuwamvetsa. Iye akakolola sadya zonse, amapatula mbewu, ndipo mbewuyo ikabzalidwa imabereka chakudya komanso mbewu ina ya chaka chamawa. Selo loyambira limachita chimodzimodzi: likamagawikana limabala maselo opita kukagwira ntchito, komanso limasiya ena ofanana nalo kuti nkhokwe isathe. Amene achoka pa nkhokwewo safika nthawi yomweyo pokhala magazi okhwima. Amayamba akhala ngati mbande za pa nazale, zimene zasankha kale chimene zidzakhale ndipo sizingabwererenso kukhala mbewu. Mbande zimenezi akatswiri amazitcha progenitor cells, ndipo ndizo zimachulukana mofulumira kwambiri, pamene mbewu yeniyeni nthawi zambiri imakhala ili phee, osagawikana kawirikawiri. Fanizoli lili ndi polekezera pake. Nyemba imabala nyemba yokha basi, pamene selo loyambira limodzi lingathe kubala maselo ofiira, oyera a mitundu yonse, ndi oundanitsa magazi omwe.

Umboni wa zimenezi unapezeka m'chaka cha 1961 ku Toronto, m'dziko la Canada. James Till ndi Ernest McCulloch ankawononga mafuta a m'mafupa a mbewa ndi cheza champhamvu, kenako n'kuzibaya maselo ochokera m'mafupa a mbewa zina. Patapita masiku angapo, pa kapamba wa mbewazo pankatuluka timatotupa, ndipo kafukufuku wotsatira anasonyeza kuti katotupa kalikonse kanamera kuchokera ku selo limodzi lokha, ngakhale kuti m'kati mwake munali maselo a magazi a mitundu yosiyanasiyana.

Chodabwitsa n'chakuti mbewu imeneyi sikhala m'mafupa mokha. Tsiku lililonse maselo oyambira ochepa, pamodzi ndi mbande zake, amatuluka m'mafupa, n'kuyenda ndi magazi, kenako n'kukakhazikika m'fupa lina kapena kubwerera kumene anachokera. Ndi ochepa zedi, moti pa maselo oyera 1,000 a m'magazi a munthu wathanzi mwina simungapezemo ngakhale limodzi. Komabe ulendo wawo uli ndi phindu. Umathandiza kuti malo amene atsala opanda mbewu m'fupa lina adzazidwe, ndipo kafukufuku wa pa nyama wasonyeza kuti ena amadutsa m'ziwalo, ndipo akakumana ndi tizilombo amabala asilikali pomwepo. Chiwerengero chawo chimakwera ndi kutsika malinga ndi nthawi ya tsiku, ndipo chimakwera kwa kanthawi munthu akachita masewera olimbitsa thupi, akavulala kwambiri, kapena mtima ukadwala mwadzidzidzi.

M'chaka cha 1997, Takayuki Asahara ndi anzake ku Boston, m'dziko la America, analengeza kuti apeza m'magazi maselo ena amene amathandiza kukonza khungu la m'kati mwa mitsempha. Nkhaniyi inautsa chiyembekezo chachikulu, mwina choposa muyezo, ndipo kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti ambiri mwa maselowo sasanduka khoma la mtsempha iwo eni, koma amatulutsa zinthu zimene zimathandiza mtsemphawo kudzikonza. Chimene chaoneka mobwerezabwereza n'chakuti anthu osuta fodya ndi odwala shuga amakhala ndi maselo oterewa ochepa, ndipo odwala mtima amene ali nawo ochepa ndiwo amakonda kudwalanso kwambiri. Pasapezeke wina wopita ku chipatala chaching'ono kukapempha kuti amuwerengere maselowa, chifukwa kuyeza kumeneku n'kwa ofufuza. Phunziro lake kwa ife ndi lomwe alangizi a zaumoyo amanena kale: kusiya fodya, kuyezetsa shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndi kusaleka kugwiritsa ntchito thupi.

Tsono kodi mafupa amadziwa bwanji kuti magazi achepa? Uthenga umachokera ku impso. Impso zikaona kuti okosijeni wofika kwa izo watsika, zimatulutsa madzi ena amene madokotala amawatcha erythropoietin, ndipo iwo akafika m'mafupa amalamula mbande za maselo ofiira kuti zichulukane msanga. Boma lathu lino ndi malo abwino oonera zimenezi. Tauni ya Dedza ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Golomoti ndi Mtakataka zili pansi, kufupi ndi nyanja ya Malawi. Kumtunda mpweya umakhala wopepuka pang'ono, kotero munthu amene wasamuka kuchokera kunyanja kudzakhala kumapiri, pakatha masabata angapo thupi lake limawonjezera maselo ofiira popanda iye kudziwa. N'chifukwa chakenso akatswiri othamanga a ku Kenya ndi Ethiopia amakonzekera mipikisano yawo ku mapiri.

Njira yomweyi ndi imene imagwira ntchito munthu akapereka magazi. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo amene amatengedwa ndi mamililita 450, osafika ngakhale botolo limodzi la theka la lita. Madzi a m'magaziwo amabwerera m'tsiku limodzi kapena awiri, munthu akamamwa mokwanira. Maselo ofiira amabwerera pa masabata angapo, impso zitatumiza uthenga uja. Chimene chimachedwa ndi ayironi, mchere umene thupi limagwiritsa ntchito popanga kufiira kwa magazi, ndipo n'chifukwa chake abambo amauzidwa kudikira miyezi itatu ndi amayi miyezi inayi asanaperekenso. Mbewu ija singano siifika. Imatsala m'chiuno ndi m'msana, ndipo ochepa amene amalowa m'thumba la magazi ndi aja anali pa ulendo basi. Wopereka magazi ali ngati mlimi amene wagawirako mnzake ndowa ya nyemba koma mbewu yake ili chikhalire m'nyumba.

Wina angafunse kuti ngati thupi limadzipangira lokha magazi, n'chifukwa chiyani odwala amafunika kupatsidwa a munthu wina. Yankho lake ndi nthawi. Mayi amene akutaya magazi atangobereka ali ndi mbewu yabwinobwino m'mafupa mwake, koma mbewuyo imafuna masabata pamene iye watsala ndi maola. Mwana amene malungo amuswera maselo ofiira mpaka zikhatho kuyera mbuu sangadikire nazale. Thumba la magazi limamugwiriziza mpaka mafupa ake atapeza mpata. Bungwe la MBTS, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003 ndipo lili ndi nthambi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka, limayeza magazi onse amene latolera pofufuza HIV, matenda a chiwindi a mtundu wa B ndi C, ndi chindoko, lisanawatumize ku zipatala monga cha boma la Dedza. Ambiri mwa amene amapereka ndi ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, kotero sukulu zikatsekera nkhokwe imatsika, ndipo tchuthi cha mu Disembala chimakumana ndi kuyamba kwa mvula, nthawi imene malungo amachuluka. Mwa kuona kwanga, si bwino kuti miyoyo ya amayi a m'dera lonse idalire ana a Fomu 3 pamene makolo awo, amene ali ndi matupi okhwima, akuonerera patali.

Mantha a magazi sitingawapeputse, pakuti tikudziwa kumene anatifikitsa. M'chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zinafala m'maboma a Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi ena a kumwera, anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ntchito za umoyo zinaima m'madera ena chifukwa ogwira ntchito ankaopa kulowa m'midzi. Amene anavutika kwambiri ndi odwala a m'midzi momwemo.

Mbewu, ngakhale ikhale yabwino bwanji, siibala pa nthaka yoguga, ndipo apa ndi pamene pali vuto lenileni la dera lathu. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ochepa magazi, ndipo amayi a msinkhu wobereka anali 33 pa 100 aliwonse. Mwa ambiri a iwo maselo oyambira alibe chilema chilichonse. Chimene chikusowa ndi zomangira, kapena pali chimene chikuwononga zokolola. Zomangira zazikulu ndi ayironi, folic acid ndi vitamini B12. Ayironi amapezeka m'chiwindi, nyama, usipa ndi matemba, komanso m'nyemba, soya, bonongwe, chisoso, nkhwani ndi khwanya. Wa m'zomera amalowa bwino m'thupi ngati pa chakudyapo pali tomato, gwafa, lalanje kapena chipatso china chowawasa, ndipo amalowa movutikira ngati munthu akutsitsira nsima ndi tiyi. Palinso mitundu ya nyemba, monga NUA 45, imene inakonzedwa kuti ikhale ndi ayironi wochuluka, ndipo alangizi a zaulimi angakuuzeni za kapezekedwe kake. Vitamini B12 yekha sapezeka m'ndiwo zamasamba. Amafuna mazira, mkaka, nsomba kapena nyama, ndiye banja limene limagulitsa mazira onse ndi nkhuku zonse kuti ligule sopo liganizirepo kawiri.

Pali chikhulupiriro chofala chakuti chakumwa chilichonse chofiira chimawonjezera magazi, kaya ndi chakumwa cha m'botolo, madzi a chidede, kapena madzi owiritsa masamba a mapeyala. Mtundu wa chakumwa sufika m'mafupa. Chidede ndi ndiwo yabwino ndipo palibe akuiletsa, koma mwana amene wayera m'maso ndi m'zikhatho, akupuma mofulumira ndiponso akulephera kuyamwa, malo ake ndi kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuchepa magazi sikubwera ndi chakudya chokha. Kafukufuku amene anachitika pa ana odwala kwambiri ku Blantyre ndi Chikwawa, ndipo anasindikizidwa m'chaka cha 2008, anadabwitsa ambiri poonetsa kuti kusowa ayironi sikunali chifukwa chachikulu mwa ana amene magazi awo anatsikiratu. Zimene zinaonekera zinali malungo, mabakiteriya olowa m'magazi, njoka za m'mimba, HIV, ndi kusowa kwa mavitamini A ndi B12. Malungo amawononga pawiri, chifukwa amaswa maselo ofiira amene alipo komanso amafooketsa mafupa kuti asapange ena msanga. Kotero neti, chimbudzi, nsapato za mwana ndi mankhwala a njoka amene amagawidwa m'sukulu zonsezi ndi njira zotetezera magazi, ngakhale kuti palibe amene amazitchula motero. Kwa amayi oyembekezera, mapiritsi a ayironi a kusikelo amavuta kumwa chifukwa ena amawachititsa nseru, koma mayi amene wafika tsiku lochira ali ndi magazi okwanira amapirira bwino akataya ena.

Pa tsiku lochiralo palinso chinthu chimene ambiri sachidziwa. Magazi a m'chingwe cha mchombo ali ndi maselo oyambira ochuluka kuposa a munthu wamkulu, moti kuyambira m'chaka cha 1988, pamene madokotala a ku Paris anawagwiritsa ntchito koyamba pochiza mwana, mayiko ena amawasunga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chingwecho chisadulidwe mphindi imodzi isanathe, ngati khanda likupuma bwino, kuti magazi otsala mu nsengwa alowe mwa mwana ndi kumupatsa ayironi wa miyezi yoyambirira. Mukaona namwino akudikira pang'ono asanadule, sikuti waiwala ntchito yake.

Pali matenda ena amene vuto lake lili mu mbewu yeniyeniyo. Mu khansa ya m'magazi, selo limodzi limasokonekera n'kumabala maselo osakhwima osawerengeka amene amatsamwitsa ena onse. Mu matenda a sickle cell, mwana amatengera kwa bambo ndi mayi omwe chilema chimene chimapinda maselo ofiira kukhala ngati chikwakwa, kotero amatseka timitsempha, n'kumabweretsa ululu woopsa ndi kuchepa magazi kosatha. Apa ndi pamene chithandizo chenicheni cha maselo oyambira chimagwira ntchito. Anachiyambitsa ndi E. Donnall Thomas wa ku America m'zaka za m'ma 1950, ndipo analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1990. Kale maselo ankatengedwa ndi singano yaikulu m'fupa la m'chiuno, koma masiku ano nthawi zambiri madokotala amapezerapo mwayi pa ulendo uja wa m'magazi. Wopereka amabayidwa kwa masiku anayi kapena asanu mankhwala amene amatulutsa maselo oyambira ambiri m'mafupa, kenako magazi ake amadutsa m'makina amene amapatula maselowo n'kumubwezera otsalawo. Wodwala amayamba wapatsidwa mankhwala amphamvu opha mbewu yake yodwalayo, kenako maselo atsopano amalowetsedwa mu mtsempha ngati diripi, ndipo okha amapeza njira yopita m'mafupa.

Polemba zimaoneka zophweka, koma ndi chithandizo cholemetsa. Wopereka ayenera kufanana kwambiri ndi wodwala, ndipo ngakhale pakati pa ana a bambo ndi mayi mmodzi mwayi wofanana ndi umodzi pa inayi. Wodwala amakhala masabata angapo m'chipinda chotetezedwa alibe chitetezo cha m'thupi, maselo atsopano angathe kuukira thupi lake, ndipo ena amamwalira ndi chithandizocho. Chimachitika m'zipatala zikuluzikulu za ku South Africa ndi India, ndipo dziko la Tanzania layamba m'zaka zaposachedwapa. Kwa ana athu a sickle cell, thandizo limene lili pafupi ndi kuwayezetsa msanga, kuwateteza ku malungo ndi matenda ena, kuwamwetsa madzi okwanira, ndi mankhwala monga hydroxyurea amene amachepetsa kubwera kwa ululu. M'nyengo yozizira ya kuno kumapiri afunikanso kufunditsidwa bwino, chifukwa chisanu chimadzutsa ululuwo.

Ogulitsa timapaketi aja amakonda kunena kuti stem cell inachiza Edzi ku Ulaya. Nkhani imene amaipotozayo ndi ya Timothy Ray Brown, amene anali ndi HIV ndipo anadwala khansa ya m'magazi ali ku Berlin. M'chaka cha 2007 anapatsidwa maselo oyambira pofuna kuchiza khansayo, ndipo madokotala anasankha wopereka amene anabadwa ndi chibadwa chosowa chimene chimalepheretsa HIV kulowa m'maselo. Kachiromboko sikanabwererenso mpaka pamene iye anamwalira ndi khansa m'chaka cha 2020. Anthu amene achira mwa njira imeneyi pa dziko lonse ndi owerengeka, ndipo onse anali ndi khansa imene ikanawapha. Palibe dokotala amene angaike munthu pa chiopsezo chotero pamene ma ARV akumusunga wathanzi.

Selo ndi chinthu chamoyo. Maselo oyambira amasungidwa m'chisanu choopsa ndipo amalowetsedwa mu mtsempha, kotero sangakhale ndi moyo mu ufa umene wayenda pa minibasi dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale akanakhala amoyo, m'mimba akanagayidwa ngati chakudya china chilichonse. Timapaketi tambiri timalembedwa kuti muli maselo a apozi kapena a mphesa, ndipo selo la chipatso silingasanduke magazi a munthu. Kutaya ndalama n'kowawa, makamaka pamene ndi ndalama ya feteleza, koma choopsa kwambiri ndi pamene wodwala shuga, wothamanga magazi kapena womwa ma ARV auzidwa kuti asiye mankhwala ake chifukwa wapeza "achilengedwe". Mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amalembetsedwa ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo muli ndi ufulu wofunsa wogulitsa umboni wakuti katundu wake analoledwa kuchiza matenda amene akutchulawo. Wina akamauza odwala kuti asiye mankhwala a kuchipatala, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo, mfumu, kapena khansala wa wodi yanu kuti nkhaniyo ifike ku ofesi ya zaumoyo ya khonsolo.

Amene angapereke magazi ndi munthu wa zaka 16 mpaka 65 amene akumva bwino m'thupi. Asanatengedwe magazi amayamba wayezedwa kulemera ndi kuchuluka kwa magazi ake, ndipo amene apezeka nawo ochepa amabwezedwa ndi kulangizidwa, sakakamizidwa. Pa tsikulo idyani chakudya chanu cha nthawi zonse, imwani madzi okwanira, ndipo ntchito yolemetsa monga kunyamula matumba a mbatata muidikiritse mpaka mawa lake. Makomiti a chitukuko, mipingo, mizikiti ndi magulu a achinyamata a ku Kabwazi amene angakonde kusonkhanitsa anthu, makamaka pa nthawi imene sukulu zatsekera, alankhule ndi mkulu wa chipatala chimene ali nacho pafupi kuti awalumikize ndi otolera magazi.